Akafukufuku akafika pakhomo panu, muwalandire bwanji?

Ndi makomo ochepa m'Malawi muno omwe sanalandirepo mlendo wa chikwama kumsana, chitupa pakhosi ndi tabuleti m'manja, wofuna kudziwa kuti mumadya kangati pa tsiku, madzi mumatunga kuti, ana angati ali pasukulu. Ena timamuyalira mphasa msangamsanga poganiza kuti m'chikwamamo muli thandizo. Ena timamuyankha chamumtima uku tikusenda nandolo kuti angochoka. Onse awiri timalakwitsa, ndipo cholakwitsa n'chimodzi: sitidziwa chomwe munthuyo wadzera.

Ntchito yake idakhazikika pa maphunziro otchedwa sociology, omwe amafufuza momwe anthu amakhalira pamodzi: mabanja, mipingo, midzi, misika, magulu a banki m'khonde. Maphunzirowa salondola munthu mmodzi ayi. Mtsikana mmodzi akasiya sukulu, ndi nkhani ya pakhomo pawo. Koma m'dera lonse atsikana akamalekezera sitandade 6 pomwe anyamata akupitirira, ndiye kuti pali china chachikulu kuposa khomo limodzi, kaya ndi mtunda wopita kusukulu, kaya maukwati a ana, kaya kusowa kwa zimbudzi. Mfalansa Émile Durkheim adaonetsa zimenezi mu 1897 pa nkhani yodzipha, yomwe aliyense ankaiyesa ya mumtima mwa munthu yekha. Atasanthula mabuku a boma adapeza kuti osakwatira ankadzipha kuposa apabanja, ndipo adati munthu wosamangika zolimba kwa anzake ndiye amakhala pangozi. Tsono mlendo wanuyo akamalemba, sakulemba mavuto anu kuti akawathetse mawa. Yankho lanu likaphatikizidwa ndi mayankho ena mazanamazana.

Musanayankhe kanthu, funsani ndinu. Ndinu yani, mwatumidwa ndi yani, amfumu akudziwa? Wakafukufuku weniweni sakwiya nawo mafunso amenewa. Amaonetsa chitupa ndi kalata, ndipo amakuwerengerani chikalata chopempha chilolezo m'chilankhulo chomwe mumamva: cholinga cha kafukufukuyo, nthawi yomwe atenge, ndi nambala yoimbapo ngati mwadandaula. Musasaine kapena kudinda chala musanamvetse. Muli ndi ufulu wokana, wodumpha funso, ngakhale wosiyira panjira. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wasayansi pa munthu iye asanavomere. Kafukufuku wotereyu ndi wosiyana ndi kalembera wa boma, yemwe ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachititsa pa zaka khumi zilizonse. Ameneyu ndi wa munthu aliyense.

Akafukufuku ena a zaumoyo amabaya chala kuti ayeze kuchepa kwa magazi, malungo kapena HIV. Tikudziwa zomwe mphekesera za anamapopa zidachita mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, komwe anthu osalakwa adaphedwa. Ngati mtima wanu sukufuna kubayidwa, nenani kuti ayi, basi. Simufunika kuitanira mudzi. Koma wina akakufunsani nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, kapena akati mupereke kangachepe kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ndi wakuba. Kamuneneni kwa amfumu kapena kupolisi.

Funso lomwe limabweretsa manong'onong'o m'mudzi ndi lakuti: bwanji alowa nyumba ya uje, yanga n'kuilambalala? Mayi akamalawa ndiwo samwa mphika wonse. Amatakasa kaye, n'kutapa pang'ono pa chipande, ndipo kakang'onoko kamawauza za mchere wa mphika wonse. Akafukufuku nawo amayamba alemba nyumba zonse za m'dera, n'chifukwa chake nthawi zina mumaona manambala a choko pazitseko, kenako amasankha zochepa mwamaere kuti wolemera ndi wosauka, wa pafupi ndi msewu ndi wa kuseri kwa phiri, onse akhale ndi mwayi wofanana. Kalembera wa mu 2018 adawerenga aliyense n'kupeza anthu 17.5 miliyoni. Koma kafukufuku wa Afrobarometer, yemwe kuno wakhala akuyendetsedwa ndi Centre for Social Research ya ku University of Malawi, amafunsa akuluakulu ngati 1,200 okha, ndipo amapereka chithunzi chabwino ndithu cha maganizo a dziko. Mphamvu yake ili pa kasankhidweko. Choncho posankha woyankha pakhomo, maere akagwera mwana wanu wamkazi wa zaka 19, musakakamire kuti ayankhe bambo chifukwa ndiwo mutu wa banja. Akapeza wosankhidwayo ali kudimba, auzeni nthawi yoti abwerenso. Kuwapatsa mnansi m'malo mwake n'kuononga ntchito yonse.

Akati "a pakhomo pano alipo angati," satanthauza mbumba yonse. Kwa iwo khomo ndi anthu omwe amakhala pamodzi ndi kudya za mumphika umodzi. Mwana wa mchemwali wanu yemwe mukumulera muwerengeni. Mnyamata wogona kugowelo koma nsima amadya kwanu muwerengeni. Achimwene omwe ali ku Joni zaka zitatu tsopano ayi, ngakhale amatumiza ndalama. Za ndalamazo pamakhala funso lakelake. Pa mitala, fotokozani momwe zinthu zilili, wofunsayo ndiye adziwe polemba. Kukakhala kotheka, chiphaso cha kusikelo cha mwana, chitupa cha unzika ndi buku la kuchipatala zikhale pafupi, poti zaka zongoganizira zimasokoneza kwambiri.

Apa ndiye pagona nkhani. Ambirife tidazolowera kuti munthu wolemba maina amatsogolera chimanga, makuponi kapena Mtukula Pakhomo. Ndiye galimoto ikangoima, mbuzi zimathamangitsidwira kuseri, wailesi imalowa pansi pa bedi, matumba khumi a chimanga amasanduka awiri. Sindikuweruza munthu, njala ndi yomwe idatiphunzitsa kuchenjera kotere. Koma taganizani komwe bodzalo limathera. Mudzi wonse ukanena kuti sudakolole kanthu, lipoti lidzati mbewu yomwe mudabzala ndi yosathandiza, kapena kuti alangizi sakugwira ntchito, pomwe vuto lenileni linali anankafumbwe m'nkhokwe ndi mavenda ogula motchipa. Thandizo likadzabwera lidzalunjika pa vuto lomwe mulibe. Bodza lina ndi la manyazi, lomwe limapita mbali inayo: kunena kuti ana onse amagona m'masikito pomwe masikitowo adatchinga nkhuku, kapena kuti mumasamba m'manja ndi sopo nthawi zonse chifukwa mwaona kuti wofunsayo angakondwe. Akafukufuku amalidziwa vutoli, ndipo n'chifukwa chake ena amapempha kuona masikitowo kapena malo osambira m'manja. Musakhumudwe nazo. Ndipo ngati simukudziwa kapena mwaiwala, kunena kuti "sindikukumbuka" ndi yankho lokwanira, loposa nambala yopeka.

Bambo, akapempha kucheza ndi mayi paokha, chokanipo, pitani mukaone ng'ombe. Mafunso a zakulera, a nkhanza za m'banja kapena a kagwiritsidwe ka ndalama sayankhika bwino mwamuna kapena apongozi ali chikhalire pamkeka womwewo. Ana aang'ono nawo safunsidwa popanda chilolezo cha kholo, koma mukavomera, musawayankhire.

Si onse amabwera ndi mafunso a "inde" kapena "ayi". Ena amasonkhanitsa anthu asanu ndi atatu kapena khumi pansi pa mtengo kuti akambirane nkhani imodzi. Mukaitanidwa kotero, lankhulani zomwe mukuganiza, ngakhale zisemphane ndi za wamkulu wa komiti. Ndipo kumbukirani kuti pagulu chinsinsi n'chovuta, choncho za kuchipinda zisungeni. Enanso amadzakhala m'mudzi miyezi, kupita nanu kumaliro, kumilandu ndi kumunda. Njira imeneyi si yachilendo kuno. J. Clyde Mitchell adakhala pakati pa Ayao m'zaka za m'ma 1940 n'kutulutsa buku la The Yao Village mu 1956. Max Marwick adakhala ndi Achewa a kum'mawa kwa Zambia, ndipo adapeza kuti kutchulana ufiti kunkachitika kwambiri pakati pa achibale a mbumba imodzi omwe ali ndi mikangano yosatha kuikamba poyera. Zoterezi pepala la mafunso silingazitole. Mlendo wotereyu muuzeni poyera zomwe simukufuna kuti alembe kapena kujambula, makamaka za kudambwe ndi kuchinamwali.

Zotsatira zikamatuluka pa wailesi, muzimve ndi khutu lochenjera. Afunsa anthu angati, adawasankha bwanji, walipira ntchitoyo ndani? Mavoti a pa Facebook kapena oimba foni pa pulogalamu sayimira dziko, chifukwa agogo a ku Nsanje opanda foni mulibemo. Chenjeraninso ndi zinthu ziwiri zongoyendera limodzi. Kafukufuku atapeza kuti ana a m'nyumba za malata amakhoza bwino mayeso, sikuti malata ndiwo amanola nzeru. Banja lokwanitsa malata ndi lomwenso limakwanitsa phala la m'mawa, nyali ndi makope.

Pomaliza kucheza, funsani mlendoyo kuti zotsatira mudzazimva kuti ndipo liti. Ambiri amatenga mayankho n'kupita osabwerera, ndipo khalidwe limeneli n'losayenera. Amfumu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, lembani dzina la bungwe lililonse lofika m'dera lanu, tsiku lomwe lidabwera ndi nambala yake ya foni, ndipo pakapita chaka muwaimbire mufunse lipotilo.