Ejenti akamayamikira penti, inu yang'anani m'munsi mwa khoma

Ku Chikanda nyumba sizichedwa kupeza wogula, poti ophunzira a pa University of Malawi amafuna malo a lendi pafupi ndi sukulu. Ejenti amadyapo nyumba ikagulidwa, ndiye akamaonetsa makolo anu nyumba mu Okutobala, kutauma gwa, nkhani yake imakhala ya penti ndi malata. Inu a Physics, weramani muone khoma kuyambira pansi mpaka m'chiuno.

Njerwa ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi a m'nthaka amakwera m'menemo monga amakwerera parafini pa chingwe cha koloboyi. Imeneyi ndiye capillarity. Kabowo kakachepa, madzi amakwera kwambiri: m'kachubu ka radius ya 1 mm amakwera pafupifupi 1.5 cm, koma m'ka 0.01 mm amafika 1.5 m. Nanga ndi mvula ya ku Zomba kuno, nthaka ikakhuta khoma limangomwa! Madziwo akauma amasiya mchere woyera, pulasitala amafufuma, penti n'kumamatuka.

Chotchinga chake ndi pulasitiki wakuda uja, DPC, amene amisiri amayala pamwamba pa maziko. Makolo anu afunse ngati anaikidwa, ndipo ngati n'kotheka adzaonenso nyumbayo mu Febuluwale asanapereke ndalama.