KUDULA MTENGO WA M'MBALI MWA MSEU

M'mbali mwa miseu ya dziko la Zambia muli mitengo yambiri. Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Great East Road, wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, amaona mango, mikuyu ndi mabulugamu. Mitengo imeneyi ipatsa apaulendo mthunzi, ndipo mizu yace igwira dothi kuti madzi a mvula angalikokolole. Koma mtengo ukakalamba, kapena ciswe cikaudya m'kati, umayamba kupendamira ku mseu, ndipo uyenera kudulidwa usanagwere anthu.

Kudula mtengo wotere sikulingana ndi kudula wa m'munda. M'munda mtengo ukagwa molakwika ungothyola cimanga, koma pa mseu ungathe kupha anthu. Mtengo ukayamba kugwa palibe munthu angauletse. Galimoto ndiyo ingathe kuimitsidwa. Cifukwa cace anchito anzeru amayamba aimitsa magalimoto, nagwira nkhwangwa pambuyo pace.

Asanacite kanthu amapempha cilolezo, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Mseu ndi malo a m'mbali mwace si za munthu mmodzi ai. Miseu yaikulu iyang'aniridwa ndi Road Development Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la miseu la m'caka ca 2002, ndipo ya m'matauni ndi ya kumidzi isamalidwa ndi makhonsolo. Lamulo la nkhalango la m'caka ca 2015 liteteza mitengo, motero a za nkhalango ayenera kufunsidwa. Apolisi auzidwe tsiku la nchitoyo, cifukwa kutseka mseu popanda cilolezo ndi mlandu. Ngati nthambi zayandikira mawaya a magetsi, munthu asakhudze mtengowo kufikira a ZESCO atabwera kudzazima magetsi.

Tsiku la nchito likafika, amasankha nthawi ya usana pamene kulibe mvula kapena mphepo yamphamvu. Amaika zikwangwani zocenjeza mbali zonse ziwiri, kutali ndithu ndi mtengowo. Aziika kutali cifukwa galimoto yothamanga makilomita 100 pa ora limodzi imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Woyendetsa asanaponde n'komwe mabuleki, galimoto yapita kale patali, ndipo lole yodzala ndi matumba a cimanga icedwa koposa kuima. Ngati mtengo uli pafupi ndi pokhota kapena kuseri kwa citunda, cikwangwani ciikidwe poti woyendetsa acione asanafike pamenepo.

Anthu awiri obvala malaya owala amaima ndi mbendera zofiira, wina uku wina uko. Iwo aimitsa magalimoto, a njinga, a ngolo za ng'ombe ndi a pansi omwe. Onsewa aime kutali ndi mtengo muyeso wa msinkhu wace kawiri. Mtengo ukakhala wa mamita 20, anthu aime pa mamita 40 kapena kupitirira. Wodula samaliza kudula kufikira a mbendera onse awiri atampatsa cizindikiro cakuti mseu uli mbee. Mutu umodzi susenza denga.

Wodula wodziwa nchito amayamba kutema khwawa ku mbali imene afuna kuti mtengo ugwere, ndiyo mbali yosiyana ndi mseu. Khwawalo lilowa pang'ono, osafika pakati pa tsinde. Atatero amaceka kumbuyo, pamwamba pang'ono pa khwawalo, nasiya kacigawo kosaduka pakati. Kacigawo kameneka kagwira mtengo monga pata igwira citseko, nikautsogolera pakugwa. Mtengo wopendamira ku mseu umafuna cingwe colimba, kapena kusadzidwa nthambi imodzi imodzi ndi mmisiri wozolowera kukwera. Ukayamba kulira kuti tswe, wodula afuule nacoke msanga cakumbuyo mopingasa, cifukwa tsinde limatha kudumpha ndi kummenya.

Mtengo utagwa nchito sinathe. Zipika, nthambi ndi utuci zicotsedwe pa mseu ndi m'ngalande, ndipo pamenepo mpamene a mbendera alola magalimoto kupita, mbali imodzi poyamba, inayo pambuyo. Anthu ambiri azolowera kuika nthambi zaziwisi pa mseu pocenjeza za ngozi. Nthambi zotere zikasiyidwa zimagwetsa a njinga usiku, ndiponso oyendetsa akaziona masiku onse popanda ngozi, amaleka kuzisamala.

Ana a sukulu akapeza anthu alikudula mtengo pa mseu, amvere a mbendera, ndipo asathamangire kukatola nkhuni nchito isanathe.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji magalimoto aimitsidwa mtengo usanadulidwe?
2. Chulani anthu atatu amene ayenera kufunsidwa kapena kuuzidwa.
3. Mtengo uli wa mamita 15. Kodi anthu aime pa mamita angati?
4. Kodi kacigawo kosaduka kagwira nchito yanji?
5. Fotokozani kuipa kwa kusiya nthambi pa mseu.