Malangizo: Mtedza Wophika

Mwezi wa Epulo ukafika, ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa mtedza wauwisi umayamba kuoneka m'malichero m'mbali mwa msewu. Lero tikambe za kaphikidwe kake.

Sankhani mtedza wongozulidwa kumene, wa Chalimbana kapena CG7. Utsukeni bwino mpaka dothi lonse lichoke. Uphikeni ndi makoko ake m'madzi amchere mpaka njere zifewe.

Chenjerani ndi chuku! Mtedza wowola, wofumbwa kapena wowawa tayani, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto ndipo amawononga chiwindi.

Inu amayi ogulitsa, phikani wokwanira tsiku limodzi, poti wogona umachita nkhungu msanga. Ana aang'ono muziwasinjira kuti asatsamwidwe.