Magetsi ndi Nyumba ku Dedza: Mafunso ndi Mayankho pa Ntchito ya Khonsolo

Kodi moto wa pakhomo ndi kumanga nyumba zikukhudzana bwanji?

Zonse ziwiri zimadya mtengo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Banja limafuna nkhuni zophikira ndi zowotha, pomwe womanga nyumba amafuna nkhuni zootchera uvuni wa njerwa ndiponso mitengo ya phaso. Zimene zimatha ndi nkhalango za Chongoni, Dedza-Salima ndi za m'phiri la Dedza.

Khonsolo imalowererapo bwanji?

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo wokonza chitukuko cha madera awo. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenako zimalowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse. Mudzi umene sunatchule magetsi pa misonkhanoyi umaiwalika msanga pogawa ntchito.

Ndi ntchito ziti za magetsi a dzuwa zimene zilipo kale?

Ku Golomoti, kumunsi kwa mapiri, kampani za JCM Power ndi InfraCo Africa zinamanga malo opangira mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Anayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo magetsi ake amagulitsidwa ku ESCOM.

Ntchito ya m'mudzi ndi ya ku Mthembanji. Mu 2020 pulojekiti ya EASE, ya bungwe la United Purpose ndi yunivesite ya Strathclyde, ndi ndalama za boma la Scotland, inaikako makina a makilowati 12 opereka magetsi kwa makasitomala pafupifupi 60. Pulojekitiyi inaikanso alangizi a zamphamvu ku Dedza ndi ku Balaka, kuti nkhaniyi ikhale ndi woiyankhulira ku khonsolo.

Nanga amene magetsi sanawafikire?

Ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, imene imayendera ndalama zodulidwa pa mafuta a galimoto, imakokera mawaya kumidzi pang'onopang'ono. Podikira, chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, imaphika ndi nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, ndipo utsi umachepa m'khitchini.

Kodi boma linathandizapo pa nyumba zotsika mtengo?

Ndondomeko yotchuka ndi ya malata ndi simenti, imene inakhazikitsidwa pambuyo pa chisankho cha 2014. Opindula ankasankhidwa kumidzi kudzera m'magulu a nyumba, makhonsolo akuyang'anira. Ankalandira zipangizo n'kudzabweza theka la mtengo wake ngati ngongole. Kubwezako kunavuta, zimene zinaonetsa kuti ndondomeko yotere imalimba pokhapokha kalondolondo ali pafupi ndi anthu.

Kodi njerwa zootcha zinaletsedwa?

Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. M'malo mwake pamagwiritsidwa ntchito mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindiridwa ndi makina. Khonsolo ikamamanga sukulu, chipatala kapena nyumba za aphunzitsi motere, amisiri a m'deralo amaphunzira lusolo n'kukalifikitsa pa nyumba za anthu wamba, ndipo mitengo imene ikanapsera mu uvuni imatsala m'phiri.