Amuna anga anamira pa nyanja ndipo thupi silinapezeke: kodi ali kwa Mulungu?

FUNSO

Abusa,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Msaka kufupi ndi Monkey Bay. Ndimagula usipa pa doko n'kumayanika pa thandala. Mu Julayi chaka chatha amuna anga anapita ku chilimira madzulo monga mwa masiku onse. Iwowo ndiwo anali siginala, uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali kuitanira usipa. Pakati pa usiku mwera unakuntha. Alovi anzawo anabwerako m'mawa ndi boti, koma bwato la amuna anga linapezeka litatembenuzika patapita masiku awiri. Tinawafunafuna masabata awiri, mpaka ku Chembe ndi ku Chipoka, osawapeza.

Pasiwa tinakhala masiku atatu popanda bokosi. Kwaya inaimba, koma kumanda sitinapite. Chimene chikundisowetsa tulo tsopano ndi zokamba za anthu. Ena akuti munthu wosaikidwa m'manda mzimu wake umangoyendayenda pamadzi, sufika kulikonse. Apongozi anga akuti tikwirire malaya a malemuwo kuti mzimu ugone. Mwana wanga wa zaka 6 amandifunsa kuti atate ali kumwamba kapena m'nyanja, ine n'kungoti kakasi. Amuna anga anali obatizidwa ndipo ankapemphera, ngakhale kuti nsomba zikachuluka ankajomba kutchalitchi. Kodi Mulungu anawalandira? Nanga ndidzawaonanso?

Mayi wosweka mtima, Msaka, Mangochi

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri. Maliro opanda thupi amawawa kawiri, chifukwa mtima umasowa poikira misozi. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo: manda sindiwo khomo lolowera kwa Mulungu, ndipo mpingo wa Khristu suphunzitsa kuti womira m'madzi amasochera.

Ndikumvetsa kumene mawu a anthuwo akuchokera. Ife timalemekeza manda. Kuno ku Mangochi mnyamata akamwalirira ku Joni, abale ndi anzake amasonkherana ndalama zambiri kuti thupi lidzagone kumudzi, pafupi ndi makolo. Ndi mwambo wachikondi umenewo, sindiunyoza ayi. Koma mwambo wa maliro umathandiza ife otsala kuti titsanzike ndi kuvomereza. Adzukulu amakumba dzenje ndi kukwirira, ntchito yawo imathera pomwepo. Wolandira mzimu ndi Mulungu, ndipo Iye sadikira khasu.

Tsegulani Deuteronomo 34. Mose anafera m'dziko la Mowabu ndipo palibe munthu anadziwa pamene pali manda ake. Komabe pa Luka 9 tikumupeza Mose yemweyo paphiri akucheza ndi Yesu, wamoyo ndi wodziwika dzina. Buku la Chivumbulutso linalembedwa ndi Yohane ali pa chilumba cha Patmos, atazingidwa ndi madzi mbali zonse, ndipo pa mutu 20 ndime 13 akutchula mwapadera anthu ofera m'nyanja, kuti tsiku lomaliza nyanjayo idzawabweza. Ndimaona ngati ndimeyi inalembedwera mabanja ngati lanu.

Nyanja yathuyi yasunga anthu ambiri. Mukadzafika pa boma la Mangochi, muime pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ili m'mbali mwa mlatho wa Shire. Pali chikumbutso cha anthu 145 amene anafa pamene sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946. Ambiri a iwo anapita pansi pamodzi ndi sitimayo. Kodi tinene kuti onsewo akungoyendayenda kufikira lero? Kale zisanachitike zimenezo, pa 2 Sepitembala 1895, Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican anamira m'nyanja yomweyi mphepo itagubuduza boti lake, akupita ku Likoma atangodzozedwa kumene. Mphepo imene inatenga bishopu ndi yomwenso inatenga amuna anu. Kumira si temberero, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti panali tchimo lobisika.

Tsopano funso lanu lalikulu, loti Mulungu anawalandira kodi. Mpando woweruza si wanga, ndipo mbusa aliyense amene angakuuzeni kuti waona m'buku la moyo akukunamizani. Chimene ndingakuuzeni ndi chimene chiyembekezo chathu chatsamirapo. Sichinatsamire pa kaundula wa amene anabwera Lamulungu. Chatsamira pa Khristu amene amagwira munthu wake osamutaya. Amuna anu anabatizidwa m'dzina lake ndipo ankamuitana. Kumbukirani Petro, nayenso msodzi, pa Mateyu 14: atayamba kumira anangofuula mawu ochepa, dzanja la Ambuye n'kumugwira. Usiku uja anzawo sanawaone amuna anu mumdima, koma Salimo 139 likutiuza kuti ngakhale kutsidya kwenikweni kwa nyanja dzanja la Mulungu limafikako, ndipo mdima sumubisira kanthu. M'bwato muja sanali okha. Paulo pa Aroma 8 anandandalika zinthu zimene zimalephera kutilekanitsa ndi chikondi cha Mulungu, ndipo imfa anaiika poyambirira penipeni.

Anthu ambiri tikamaganiza za kumwamba timaona misewu yonyezimira ndi nyumba zokongola. Ine chimene chimandigwira mtima ndi china. Pa Yohane 14, Yesu potsanzika ophunzira ake anawalonjeza malo, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti akufuna iwo akakhale kumene Iye ali. Chivumbulutso 21 chikunenanso zomwezo, kuti Mulungu adzamanga pakati pa anthu ake n'kukhala nawo. Ganizirani mawu athu aja akuti kwathu. Asodzi ambiri a ku Msaka makolo awo anachokera kutali, ena ku Nkhata Bay, ena ku Karonga, ndipo amadziwa kuwawa kwa kutchedwa obwera. Kwanu ndi kumene sakufunsa kuti ubwerera liti, kumene ukafika usiku amakudziwa ndi mawu okha n'kukutsegulira. Chimene Mkhristu akuyembekezera n'chimenecho: kukhala wapakhomo pa Mulungu mpaka muyaya, osati mlendo woyalidwira mphasa pakhonde. Mutu uja wa Chivumbulutso 21 ukunenanso kuti m'dziko latsopano simudzakhalanso nyanja. Kwa Ayuda nyanja inali chizindikiro cha zoopsa ndi kulekanitsa anthu. Inu amene mwakhala mukuyang'ana pamadzi m'mawa uliwonse mukumvetsa mawu amenewa kuposa ine.

Kodi mudzawaonanso? Paulo pa 1 Atesalonika 4 anatonthoza anamfedwa powauza kuti akufa mwa Khristu ndi amoyo adzasonkhanitsidwa pamodzi kwa Ambuye. Tidzadziwana, monga ophunzira anamudziwira Yesu atauka. Ndisakubisireni kuti pa Marko 12 Yesu anati kumeneko kulibe kukwatira ndi kukwatiwa. Zimenezi zisakuopseni. Chikondi chimene munali nacho sichidzatayika, chidzakhala chopanda mantha aja mumakhala nawo mwera ukayamba.

Za malaya, mzimu wa amuna anu sukusowa kugonekedwa. Koma apongozi anu musalimbane nawo. Nawonso ataya mwana, ndipo manja awo akufuna kuchitapo kanthu. Khalani nawo pansi pamodzi ndi abusa anu ndi akulu ampingo, mupemphe mapemphero achikumbutso. Mukhoza kuchitira kutchalitchi kapena pa doko pomwe malemuwo ananyamukira, alovi anzawo alipo, amayi a chigwirizano alipo. Ngati banja likufuna chiliza cholembedwa dzina kuti ana azikhala ndi poloza, palibe cholakwika. Chongofunika n'chakuti aliyense amve bwino kuti mukukumbukira munthu amene ali m'manja mwa Mulungu.

Mwana wanuyo muuzeni zoona m'mawu apafupi: thupi la atate lili m'nyanja, monga matupi a ena ali m'nthaka, koma atatewo akusungidwa ndi Mulungu, ndipo tsiku lina Mulungu adzadzutsa onse. Akalira, lirani naye. Yesu analira pa manda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa.

Mwanena kuti tulo simukuliona. Chaka chatha tsopano. Ngati chakudya sichikulowa, kapena mukumakhala ndi maganizo ofuna kudzipweteka, pitani kuchipatala mukafotokoze, ndipo muuze mayi mnzanu mmodzi womukhulupirira kuti azikuyenderani. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro. Kaonaneni ndi abusa anu sabata ino, ndipo mapempherowo akachitika mundilemberenso, ndimve mmene inu ndi ana mukupezera.