KATALISITI NAYENSO AMATOPA: PHUNZIRO LA ZEOLITE LOCHOKERA PA UKONDE WA MSODZI

Mawu oyamba

Tsiku lina poyendera ophunzira athu amene anali pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ina ya Fomu 3 kufupi ndi gombe la Senga Bay. Mphunzitsi wachinyamatayo analemba pabolodi kuti katalisiti ndi chinthu chimene chimafulumizitsa kusintha kwa zinthu zina, icho chosatha. Ana anabwereza mawuwo katatu. Kenaka mtsikana wina anaimika mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati katalisiti satha, ndiye kuti fakitale ikamugula kamodzi siidzagulanso?" Mphunzitsi uja anavomera, phunziro n'kupitirira.

Yankholo linali lolakwa, ndipo mwana amene anaganiza mozama kuposa anzake onse ndiye anapita kwawo atasokera. Zoona zake n'zakuti mafakitale oyenga mafuta amathira katalisiti watsopano tsiku ndi tsiku. Tiyeni tione chifukwa chake, kenaka tikambirane m'mene mungaphunzitsire mfundoyi ndi zipangizo zimene zili pafupi nanu.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa

Dziko la Malawi lilibe fakitale yoyenga mafuta. Petulo amene amayendetsa injini za maboti pa Nyanja ya Malawi amafika kuno atayengedwa kale, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mafuta okumbidwa pansi ali ndi mamolekyulu a kaboni ndi haidirojeni olumikizana ngati mikanda pa ulusi. Ambiri mwa iwo ndi aatali kwambiri kotero kuti sangagwire ntchito ngati petulo. Tsono m'mafakitale amawadula kuti akhale aafupi, ndipo mpeni wake ndi katalisiti wotchedwa zeolite.

Dzinali anapereka ndi Axel Cronstedt wa ku Sweden m'chaka cha 1756. M'Chigiriki limatanthauza mwala wowira, pakuti iye atautentha mwalawo unatulutsa nthunzi. Fakitale yoyamba yodula mafuta ndi katalisiti waufa inayamba ntchito ku Baton Rouge, m'dziko la America, mu 1942, koma zeolite analowa pa ntchitoyi mu 1962 chifukwa cha kafukufuku wa Charles Plank ndi Edward Rosinski a kampani ya Mobil. Mtundu umene ukugwira ntchitoyi kwambiri ndi zeolite Y, amene amachita kupangidwa m'fakitale.

Mkati mwa zeolite muli maatomu a silikoni, aluminiyamu ndi okosijeni olukana mwadongosolo, kusiya timabowo tofanana kukula kwake. Pakamwa pa bowo la zeolite Y ndi pafupifupi nanomita 0.74. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Timabowoti n'tochuluka zedi, moti makoma a m'kati mwa magalamu 10 okha, atati atambasulidwe, akhoza kuyala pafupifupi bwalo lonse la mpira. Pamene pali atomu ya aluminiyamu ndi pamene pali mphamvu ya asidi, ndipo molekyulu yaitali imadukira pomwepo.

Kuda ndi kung'ambika

Mwana wa ku Salima amadziwa kuti ukonde umavuta m'njira ziwiri. Nthawi zina maso ake amatsekeka ndi ndere ndi zinyalala. Msodzi akautsuka n'kuuyanika umabwerera mwakale. Nthawi zina ulusi umafumbwa ndi dzuwa, mfundo n'kumasuka. Pamenepo ngakhale autsuke kangati, usipa umangopulumuka. Zeolite nayenso amakumana ndi mavuto awiri omwewa.

Loyamba ndi kuda. Ufa wa katalisiti umakumana ndi mafuta pa kutentha koposa madigiri 500 kwa masekondi owerengeka chabe, koma nthawi yomweyo kaboni wakuda ngati mwaye amamatirira ndi kutseka timabowo. Ufawo amautumiza m'ng'anjo ina mmene amauziramo mpweya, kaboni uja n'kupsa pa madigiri pafupifupi 700. Ukayera umabwereranso ku ntchito, ndipo umazungulira chotere usana ndi usiku.

Lachiwiri ndi kung'ambika, ndipo limabadwira m'ng'anjo yotsukirayo. M'menemo muli nthunzi yotentha kwambiri imene imazula maatomu a aluminiyamu pamalo pake. Aluminiyamu akachoka, mphamvu ya asidi imachepa, ndipo akachoka wambiri mofulumira, makoma a timabowo amagwa. Mafuta ena olemera amakhalanso ndi vanadium, chitsulo chimene chikakumana ndi nthunzi chimasanduka asidi wodya makomawo, makamaka pamene pali sodium. Zikatere palibe moto umene ungamuchize katalisiti. N'chifukwa chake mafakitale amachotsako wakale pang'ono ndi kuthirako watsopano tsiku lililonse.

Akatswiri anapeza njira ziwiri zomulimbitsira. Yoyamba ndi kuchotseratu mwadala gawo la aluminiyamu mosamala, kuti silikoni alowe m'malo mwake. Zeolite wotere, wotchedwa USY, anadziwika m'zaka za m'ma 1960. Amapirira nthunzi, koma malo ake odulira mafuta ndi ochepa. Yachiwiri ndi kulowetsamo zitsulo monga lanthanum ndi cerium, zimene zimagwira aluminiyamu kuti asazuke msanga. Musaiwale kuwauza ana kuti miyala yokhala ndi zitsulo zimenezi ilipo kwathu konkuno, pa phiri la Kangankunde m'boma la Balaka ndi pa phiri la Songwe m'boma la Phalombe.

Zipangizo

Chidutswa cha ukonde wakale, matope pang'ono, ndowa ya madzi, mapale awiri oyera a mphika wosweka, nyali ya koloboyi kapena kandulo, mbaula yoyaka bwino, chopanira, mbatata ya kachewere yaiwisi ndi ina yophika, matambula awiri, ndi hydrogen peroxide amene amagulitsidwa m'sitolo za mankhwala.

Kaphunzitsidwe kake

Choyamba, imikani ukonde patsogolo pa kalasi ndi kufunsa kuti, "Kodi ukonde ukagwira nsomba umasanduka nsomba?" Ana adzakana. Funsaninso kuti, "Nanga n'chifukwa chiyani makolo anu amagula ukonde wina?" Alekeni afotokoze okha, inu muzingolemba mayankho awo m'magulu awiri pabolodi: zotheka kukonza ndi zosatheka kukonza.

Chachiwiri, mwana mmodzi apake matope pa ukondewo mpaka maso atsekeke, wina autsuke m'ndowa. Kenaka dulani mfundo zingapo, muuviikenso m'madzi, ana aone ngati bowolo latsekeka.

Chachitatu, gwirani phale ndi chopanira pamwamba pa lawi la koloboyi mpaka lide ndi mwaye. Liikeni pa makala ofiira, wina akukupiza, kufikira mwaye utapsa. Liyerekezeni ndi phale linzake lija. Ntchito ya moto igwireni nokha, ndipo petulo asalowe m'kalasi ngakhale dontho. Yesani zimenezi kunyumba dzulo lake, pakuti makala ofuka utsi amadetsanso phale.

Chachinayi, thirani hydrogen peroxide m'matambula awiri. M'tambula ina ponyani kachewere waiwisi, m'inzake wophika. Waiwisi adzatulutsa thovu la okosijeni, chifukwa muli katalisiti wachilengedwe wotchedwa catalase. Wophika adzangoti zii. Musafulumire kufotokoza, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana anene okha kuti kutentha kwawononga katalisitiyo, ndi kuti kuziziritsa mbatatayo sikungamudzutse.

Chenjezo

Fanizo lililonse lili ndi malire ake, ndipo mphunzitsi wabwino amawatchula. Ukonde umagwira nsomba zazikulu, zazing'ono n'kudutsa. Zeolite amalandira mamolekyulu okwana pa bowo ndi kuwadulira m'kati. Komanso katalisiti wa m'mbatata amafa ndi madzi owira chabe, pamene zeolite amapirira madigiri 700 kwa nthawi yaitali asanafooke.

Mafunso oyesera ana

1. Tchulani njira ziwiri zimene katalisiti wa zeolite amatayira mphamvu.
2. Kodi ndi njira iti mwa ziwirizi imene ingakonzeke, ndipo ingakonzeke bwanji?
3. Ng'anjo yotsukira katalisiti imamuthandiza komanso imamuwononga. Fotokozani.
4. Mnzanu akuti fakitale imagula katalisiti kamodzi kokha. Mungamuyankhe chiyani?

Mawu otsiriza

Tanthauzo la m'buku lija musalitaye, pakuti ndi loona: katalisiti sasanduka petulo, monga ukonde susanduka nsomba. Koma polilemba pabolodi onjezani mzere wachiwiri wonena kuti katalisiti amada, ndiponso amawonongeka ndi kutentha, nthunzi ndi zitsulo zina. Ndipo mwana akakufunsani funso limene yankho lake simukulidziwa bwino, lilembeni pambali pa bolodi, mumuuze kuti mudzaliyankha mawa, madzulo ake mukafufuze.