Kupirira Si Kufera Chamumtima

Ana anga, tsiku limene dzina lanu linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, kwanu kunali nthungululu. Palibe anakuuzani kuti ku Chanco, ku Mzuni kapena ku Bunda mukakumana ndi anzanu amenenso ankakhala nambala wani kusukulu kwawo, ndiponso kuti asayimenti yoyamba ingabwere ndi malikisi amene simunawaonepo chibadwire. Ena mukukhala m'tizipinda ta lendi ku Chikanda, ndiwo ndi soya tsiku ndi tsiku, loni yachedwa, fizi sinathe kulipidwa. Zimenezi sizitanthauza kuti munasankhidwa molakwika.

Chimene chimagwetsa ophunzira ambiri ndi manyazi, osati umbuli. Munthu akalephera mayeso apakati pa semesita amabisa pepala, n'kuyamba kulowa m'kalasi mozemba ndi kukhala kumbuyo. Akamadzapita kwa alekichara n'kuti sapu (mayeso obwereza) itamupeza kale, mwinanso atawidedwa (atachotsedwa sukulu). Iye amati akupirira, chonsecho akungozengereza.

Taganizirani za Legson Kayira, mnyamata wakumpoto amene anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, kukafuna maphunziro ku America. Anthu amakonda kusimba za mtunda umene anayenda, koma miyendo yokha sikanamufikitsa. M'njira ankaima n'kugwira maganyu kuti apeze chakudya. Atafika ku Kampala analowa mu laibulale, n'kupeza buku la mayina a makoleji a ku America, ndipo analembera kalata Skagit Valley College kupempha malo. Anamulandira, ndipo anthu akumeneko anasonkha ndalama za ndege imene anakwera atafika ku Khartoum. Anafika ku America mu 1960, ndipo pambuyo pake anakaphunziranso ku Cambridge. Akanachita manyazi kulembera anthu osawadziwa, ulendo wonsewo ukanathera panjira.

Choncho mukaona kuti phunziro likukuvutani, pitani ku ofesi ya alekichara sabata yomweyo, funso lanu mutalilemba papepala. Pezani anzanu atatu kapena anayi okonda kuwerenga, muzikumana tsiku lodziwika n'kumayankhira limodzi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Ndalama zikatha, kauzeni a ofesi yoona za ophunzira nthawi yolembetsa isanatseke, ndipo fomu ya loni muzidzaza msanga, zikalata zonse zili m'manja. Werengani maola awiri tsiku lililonse kuyambira sabata yoyamba. Kuchezera usiku wonse mawa kuli mayeso kumangotopetsa mutu.

Ndipo sapu ikakugwerani, musathawe kapena kunamiza makolo. Auzeni zoona, khalani pansi, mulembenso. Alipo madokotala, maloya ndi aphunzitsi m'dziko muno amene anabwerezapo phunziro, ndipo lero palibe amawafunsa zimenezo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani msanga, semesita isanapite patali.